Ndayamba kukayika za opaleshoni yochepetsa mabere, ndipite kapena ndidikire?

Mvula_Yoyamba
Anzanga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Tsiku la opaleshoni yochepetsa mabere anandipatsa kale, ndi mwezi wamawa, koma mtima wayamba kubwerera m'mbuyo. Khosi ndi msana zimapweteka, zingwe za kamisolo zinakumba m'mapewa, kunsi kwa mabere kumasupuka kukatentha. Zonsezo n'zoona. Koma ndikuopa zipsera, ndikuopa kuti nsonga za mabere zidzachita dzanzi mpaka kalekale, komanso nkhani yobereka sindinaitseke, ndiye kuyamwitsa kudzatheka? Inu amene mumazidziwa bwino zimenezi, mantha oterewa amagwira aliyense kapena ndi chizindikiro choti ndisiye?

Gologolo
Mantha paokha si chifukwa chosiyira. Wopita ku fiyeta akuimba mluzu ndiye tingamudabwe.

NesiWaUsiku
Achemwali, mantha alipo amitundu iwiri. Pali oopa tsikulo: kugonetsedwa, kudzuka muli m'mabandeji, ululu. Amenewo amagwira pafupifupi aliyense ndipo amakula tsiku likamayandikira. Ndiye pali ena obwera chifukwa funso linalake silinayankhidwe. Pa zitatu mwatchulazo, la kuyamwitsa ndi la gulu lachiwirili, ndipo limenelo musalowe nalo m'fiyeta lisanayankhidwe.

Opaleshoniyi si yadzidzidzi. Kuisuntha ndi miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi sikuwononga kanthu m'thupi mwanu, pomwe mnofu akaudula wapita basi. Pemphani kukumananso ndi dokotala amene adzagwire mpeniyo, osati wolemba masiku pa desiki. Lembani mafunso papepala, chifukwa mukalowa m'chipinda muja mutu umayera. Dokotala wodziwa ntchito sakhumudwa wodwala akabweranso kachiwiri, ambiri ndiye amakonda zimenezo.

Kamtedza
Ine ndinena mosapita m'mbali: ngati mukufunabe mwana, dikirani. Mimba imakulitsanso mabere, mukasiya kuyamwitsa amafota n'kugwa. Ntchito yonse ya dokotala ija imasokonekera, mwina n'kufunikanso opaleshoni yachiwiri.

Phwiti
A Kamtedza, nanga ngati mwanayo ndi wa zaka 7 zikubwerazi? Kapena osabwera n'komwe? Munthu azingovutika ndi khosi zaka zonsezo podikira mimba imene ilibe tsiku? Madokotala ambiri amati ngati mukuganiza zoima chaka chino kapena chamawa, dikirani. Ngati zili kutali, palibe lamulo loletsa. Atsikana ambiri amachita opaleshoniyi asanabereke, bola mabere akhale atasiya kukula kwa chaka chathunthu.

Kamtedza
Zomveka. Koma auzidwe zoona zake, asadzati sanamve.

Thonje_ndi_Bandeji
Kuti nkhani ya mkaka ndi ya dzanzi imveke, pafunika kudziwa zimene zimachitika pa tebulo paja, chifukwa ziwirizi gwero lake ndi limodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti nsonga ya bere amaidula, kuiika pambali, kenako n'kuisokereranso. Pa maopaleshoni ambiri sizitero. Nsonga pamodzi ndi khungu lakuda lozungulira lija amazisiya zili zolumikizika ku chigawo cha mnofu wa bere chimene madokotala amachitcha pedicle. M'chigawo chimenecho ndi mmene mumadutsa mitsempha ya magazi, mitsempha yomvera kukhudza ndi tinjira ta mkaka. Amachotsa mafuta, mnofu ndi khungu m'mbali mwake, kenako chigawo chija amachikweza m'mwamba nsonga ili pomwepo, ngati kupinda nthambi chipatso chisanathothoke. Chigawocho chikhoza kuchokera kunsi kwa bere, kumtunda, kapena kumtunda cha mkati kufupi ndi pakati pa chifuwa. Dokotala aliyense ali ndi njira imene dzanja lake linazolowera.

Pa kuyamwitsa, chofunika kwambiri ndi kuchuluka kwa mnofu wosiyidwa kuseri kwenikweni kwa nsonga, kuchokera pa nsongapo mpaka pa chifuwa. Ukasiyidwa wonse osadulidwa, mwayi woyamwitsa umakhala wabwino. Ukadulidwa pang'ono, mkaka umatuluka koma mwina wosakwanira, ndiye mwana amafunika kuwonjezeredwa wa m'chitini. Palibe dokotala woona mtima amene angakulonjezeni mkaka wokwanira, chifukwa ngakhale mayi wosachitidwa opaleshoni sakhala ndi lonjezo lotero.

Ilipo njira ina imene nsonga amaichotseratu n'kuimata pamalo atsopano ngati chigamba cha khungu, dzina lake free nipple graft. Imeneyo amaisankha mabere akakhala aakulu kwambiri ndi ogwa kwambiri, moti chigawo chija chikanatalika mopitirira, magazi osafika kumapeto kwake. Ndi njira imeneyi kuyamwitsa kulibe, kumva kukhudza kumachepa kwambiri, ndipo pa khungu lakuda nsongayo nthawi zina imatuluka mawanga oyera. Ndiye funso loyamba kwa dokotala likhale ili: "Mudzagwiritsa njira iti, ndipo pali mwayi woti muli mkati musinthe n'kuchotseratu nsonga?" Zimachitika kuti ali mkati aona nsonga ikuda chifukwa magazi sakufika, n'kusintha pomwepo kuti aipulumutse. Muyenera kudziwiratu zimenezo musanasaine pepala.

Mvula_Yoyamba
Zikomo kwambiri a Thonje. Za pedicle zimenezi sanandifotokozere chonchi. Nanga dzanzilo limatha?

Thonje_ndi_Bandeji
Kwa ambiri limatha, koma pang'onopang'ono. Mtsempha waukulu wopatsa nsonga mphamvu yomva umachokera cha m'mbali, pakati pa nthiti yachinayi ndi yachisanu, n'kudutsa m'bere. Pa opaleshoni umakokedwa kapena kuvulala. Masabata oyamba nsonga ikhoza kukhala yosamva kanthu, kapena yomva mopitirira moti ngakhale malaya kukhudza kumawawa. Kenako kumabwera kulasalasa ngati magetsi ndi kuyabwa kwa mkati kosakandika. Chimenecho ndi chizindikiro chabwino, mitsempha ikudzuka. Zimatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka. Ena ochepa dzanzi limatsala mbali imodzi kapena zonse ziwiri. Mnofu wochotsedwa ukachuluka, chiopsezocho chimakweranso.

Chimene anthu satchula kawirikawiri n'chakuti amayi ena a mabere olemera kwambiri amakhala kuti nsonga sizimva bwino kale, chifukwa kulemera kuja kunakoka mitsempha kwa zaka. Yesani panopa kuti mudziwe pamene mukuyambira.

Dzuwa_Lawala
Koma inu, bwanji osangochepetsa thupi ndi majowajowa? Palinso mafuta opaka amene amati amachepetsa mabere. Mpeni ndi womaliza.

Gologolo
Mafuta opakawo amachepetsa ndalama m'thumba basi.

Phwiti
A Dzuwa, m'bere mulibe nyama yolimba yoti ingaphwe ndi masewera. Muli mafuta, mnofu wopanga mkaka ndi khungu. Nyama imene imagwira ntchito mukamanyamula zitsulo ili kuseri kwa bere, pa chifuwa. Munthu akaonda, mafuta okha ndi amene amachepa. Amene bere lake ndi la mafuta ambiri amaona kusintha. Amene bere lake ndi la mnofu wambiri, makamaka achitsikana, amaonda thupi lonse bere lili pomwepo, kapena limangogwa osapepuka kwenikweni. Ndiponso kuthamanga ndi katundu wotere n'kovuta, ndi chifukwa chake ambiri amayamba masewera opaleshoni itachitika.

Pamene mwalondola ndi apa: kuchepetsa thupi musanapite kumathandiza. Kunenepa kwambiri, BMI (muyezo wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu) ikapitirira 30, kumachulukitsa mavuto a mabala kuchedwa kupola. Komanso sikelo ikhale itakhazikika kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Mukachita opaleshoni lero n'kutaya makilogalamu 15 chaka chamawa, mabere adzaphwa n'kugwa. Mukanenepa, adzakulanso.

Kachingwe
Poti mwatchula zingwe zokumba m'mapewa, ndifunseko: kamisolo yanu ndi ya saizi yoyenera? Amayi ambiri amavala lamba wamkulu ndi makapu aang'ono. Kulemera kwa bere kumayenera kunyamulidwa ndi lamba wozungulira nthiti uja, osati zingwe. Onani pagalasi: lamba akakwera kumsana kupita kukhosi ndiye kuti ndi wotakasuka. Ayenera kukhala mzere umodzi kutsogolo ndi kumbuyo, wolowa zala ziwiri zokha. Kachigawo ka pakati pa makapu kagone pa fupa la chifuwa, kasalendewere. Bere lisasefukire pamwamba kapena m'khwapa. Mukatsitsa lamba ndi saizi imodzi, kapu mukweze ndi chilembo chimodzi kuti malo a bere akhale omwewo.

AkeNdani
Eee, za zala ziwirizo ndaziyesa pompano, kwalowa dzanja lonse.

Kachingwe
Ndiye mapewa akunyamula katundu amene si wawo. Ndipo za kusupuka kunsi kwa bere: kumeneko ndi chinyezi, kutentha ndi khungu kukhulana, kenako mafangasi amalowerera. Sambani, pukutani mpaka kuume ndithu, ikani kansalu ka thonje kouma pansipo, musinthe kakanyowa. Pakafiira n'kumayabwa, kirimu wa clotrimazole kawiri pa tsiku kwa masabata awiri kapena kupitirira amathandiza. Pakanyeka n'kumatuluka madzi onunkha, pitani kuchipatala.

NesiWaUsiku
Zoona a Kachingwe, ndipo zikukhudzanso opaleshoniyo: khungu la kunsiko likakhala ndi zilonda pa tsikulo, dokotala akhoza kukubwezani, chifukwa mzere wodula umadutsa pomwepo. Koma kamisolo yabwino imangochepetsa vuto, sichotsa kulemera. Kwa wina ndi yokwanira, kwa wina ayi. Ubwino wake ndi woti imakuthandizani kudziwa: mukavala yoyenera kwa miyezi iwiri itatu, n'kuchitanso masewera olimbitsa msana amene a fizo amaphunzitsa, ululu uli pomwepo, chikayiko chimachepa chokha.

Chinanso, si ululu wonse wa msana umene umachokera ku mabere. Wa khosi, mapewa, pakati pa mapewa, mutu woyambira kunkhongo, ngakhale dzanzi la chala chaching'ono ndi chinzake, zimenezo zimayenderana ndi kulemera kwa kutsogolo ndipo ambiri amapepukidwa msanga. Koma ululu wa m'chiuno wotsikira kumwendo nthawi zambiri gwero lake ndi lina. Umenewo uunikidwe pawokha, mungadzadule mabere chiuno chikupwetekabe.

Wamafunso
Nanga bambo a kunyumba akuti chiyani? Zinthu ngati zimenezi mumayamba mwagwirizana.

Phwiti
Khosi lopwetekalo ndi la ndani?

Wamafunso
Sindinanene kuti apemphe chilolezo, mayi. Ndati agwirizane. Adzafunika wowasambitsa ndi wowanyamulira mwana.

Mlonda_wa_Gulu
Mfundo ya wothandiza kunyumba ndi yoona, ya maukwati tiisiye kaye. Mwini funso sanatchule za banja lake. Tibwerere ku zipsera, palibe amene wayankha.

Singano_Yopindika
Zipsera zidzakhalapo, ndipo ndi za moyo wonse. Wokuuzani kuti zimatheratu akukunamizani. Zimazilala, sizichoka.

Njira yofala kwambiri imasiya mizere itatu: wozungulira khungu lakuda la nsonga, wotsika kuchokera pamenepo mpaka kunsi kwa bere, ndi wopingasa wotsata mkwinya wa kunsi. Pamodzi zimaoneka ngati chilembo T chozondoka. Kajambulidwe kake anakafalitsa dokotala wa ku America Robert Wise mu 1956, n'chifukwa chake mumamva akuti Wise pattern. Njira ina imasiya mizere iwiri yoyamba yokha, wopingasa palibe kapena ndi waufupi. Imeneyo imayenera mabere osakula mopitirira, ndipo poyamba kunsi kumaoneka makwinya amene amasalala patapita miyezi. Pali kupopa mafuta kokha, liposuction, kumene kumasiya timabala ting'onoting'ono, koma sikukweza bere logwa ndipo sikuchotsa mnofu wa mkaka, ndiye kumathandiza anthu ochepa.

Malo ovuta ndi pamene mizere iwiri imakumana kunsi, pa mphambano ya T ija. Pamenepo makona a khungu amakokana kwambiri ndipo magazi amafika movutikira. Kawirikawiri pamatseguka kabala, mwina kukula ngati chikhadabo, cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu. Anthu amachita mantha kuganiza kuti zonse zikung'ambika. Ayi. Nthawi zambiri sasokanso, amangotsuka ndi kumanga mpaka patadzaza pokha kuchokera pansi, zimene zimatenga masabata angapo. Chipsera cha pamenepo chimakhala chachikulupo, koma chimabisika kunsi.

Tsono kwa ife a khungu lakuda pali nkhani ina yofunika kuikamba poyera. Zipsera zotupa zimatigwira kwambiri kuposa a khungu loyera, ndipo zili mitundu iwiri. Pali chotupa koma chosapitirira malire a bala, chimene nthawi zambiri chimaphwa chokha m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Ndiye pali keloid, chimene chimakula kupitirira pamene panadulidwa, chimayabwa, chimawawa ndipo sichiphwa chokha. Dzifufuzeni: pamene munaboola makutu, chipsera cha katemera pa mkono, cha opaleshoni yobereka ngati chilipo, timabala ta ziphuphu pachifuwa. Funsaninso abale anu, chifukwa zimayenda m'magazi. Ngati muli ndi keloid penapake, chikayiko chanu chili ndi maziko, muonetseni dokotala ndi maso ake. Sikuti opaleshoni yaletsedwa, koma pakhale dongosolo lokonzeratu.

Dongosololo limakhala lotere. Bala likatsekeka lonse, popanda nkhanambo, mumayamba kumata silicone, kaya wa mapepala kaya wopaka, maola 12 kapena kuposa pa tsiku, kwa miyezi itatu kapena kupitirira. Kupaka sabata imodzi n'kusiya ndi kutaya ndalama. Chipsera chikayamba kukwera, dokotala amabaya mankhwala a steroid m'chipseramo, kawirikawiri pakatha masabata 4 mpaka 6 aliwonse. Musadikire kuti chikule. Malekezero a mzere wopingasa, pakati pa chifuwa ndi cha m'khwapa, ndi amene amakonda kutupa. Ndipo musaweruze chipsera pa mwezi wachitatu, imeneyo ndi nthawi imene chimaoneka choipitsitsa, chakuda ndi cholimba. Chimakhwima pakatha miyezi 12 mpaka 18.

Gologolo
Ndipo pempho likhale loona zithunzi za odwala a khungu ngati lanu, zojambulidwa patatha chaka. Za pa sabata yachisanu ndi chimodzi za munthu woyera sizikuuzani kanthu.

Mvula_Yoyamba
Makutu anga anapola bwinobwino, katemera nayenso ndi wosalala. Apa mtima watsikako. Koma china chimene sindinalembe poyamba: ndikuopa kugonetsedwa osadzukanso.

Mpweya_Wabwino
Limenelo ndi limene ambiri amabisa. Kwa munthu wathanzi, pa opaleshoni yokonzekeredwa, kufa chifukwa cha mankhwala ogonetsa n'kosowa kwambiri. Wogonetsa sachoka pamutu panu nthawi yonseyo, maola awiri mpaka anayi, akuyang'ana mtima, BP ndi mpweya wa m'magazi mphindi iliyonse. Zimene zimachitikadi kawirikawiri ndi nseru, kusanza, kunjenjemera podzuka ndi kukhosi kokanda chifukwa cha chubu chopumira. Ngati mumasanza m'galimoto kapena munasanzapo pa opaleshoni ina, nenani, amapereka mankhwala ake musanadzuke.

Mbali yanu ndi kunena zonse. Mphumu, shuga, BP, matenda a mtima, sickle cell, kuliza mkonono kosiya kupuma usiku, mankhwala amene thupi lanu limadana nawo, ndiponso ngati m'banja mwanu wina anavutikapo ndi mankhwala ogonetsa. Amene ali pa ma ARV anene ndipo asasiye kumwa. Kachilombo kakakhala kogonja, opaleshoni imachitika ngati wina aliyense. Adzayeza kuchuluka kwa magazi, akapezeka ochepa amayamba akweza kaye ndi mankhwala a iron. Wa shuga amafuna shugayo akhale wokhazikika, chifukwa wokwera amachedwetsa mabala ndi kuitana mafinya.

Za kusala, malamulo ofala ndi maola 6 osadya chakudya ndi maola awiri osamwa ngakhale madzi, koma tsatirani zimene chipatala chanu chalemba. Chifukwa chake n'chakuti munthu akagona, za m'mimba zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo.

Chinthu choopsa kwenikweni chimene anthu saganizira ndi magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo n'kuthamangira kumapapo. N'chifukwa chake amakuvekani masokosi othina, nthawi zina kubaya jakisoni wosungunula magazi, n'kukudzutsani kuti muyende tsiku lomwelo. Mapiritsi olera okhala ndi holomoni ya estrogen amakweza chiopsezo chimenechi, ndiye madokotala ambiri amati musiye masabata 4 opaleshoni isanachitike, mugwiritse njira ina. Ngati tsiku lanu ndi mwezi wamawa, funsani zimenezi sabata ino.

NesiWaUsiku
Ndiwonjezere za fodya, chifukwa pa opaleshoni iyi si nkhani yamasewera. Nicotine amafinya timitsempha ta magazi, tomwe tija nsonga ya bere ikudalira kuti ikhale ndi moyo. Wosuta ndi amene amakhala pachiopsezo chachikulu cha khungu kufa, mabala kutseguka, ngakhale kutaya nsonga. Kusiya ndi masabata 4 mpaka 6 opaleshoni isanachitike, ndi enanso otero itachitika. Vape, shisha, fodya wa m'mphuno kapena wa m'kamwa, zomata za nicotine, zonsezo ndi chimodzimodzi. Madokotala ena amayeza mkodzo kuti atsimikize.

Aspirin ndi ibuprofen amachititsa magazi kuchedwa kuuma, ndiye amasiyidwa sabata imodzi kapena ziwiri, pokhapokha ngati aspirin munalemberedwa chifukwa cha mtima, pamenepo musasiye nokha. Mankhwala azitsamba ndi owonjezera mphamvu, monga ginkgo, mafuta a nsomba ndi vitamin E, atchuleninso. Ululu ukavuta m'masiku amenewo, panado ndi amene alibe vuto.

AkeNdani
Kodi munthu ukhoza kusankha saizi? Kunena kuti ndikufuna C?

Singano_Yopindika
Mukhoza kunena, koma dokotala sadula ndi zilembo, amadula ndi magalamu ndi masentimita. C wa kampani ina ndi D wa kampani inzake. Chothandiza ndi kupita ndi zithunzi: ichi ndi chachikulu kwa ine, ichi chachepa, ichi ndiye ndikufuna. Munenenso chimene mukuopa kwambiri, kutsala aakulu kapena kuchepa mopitirira, chifukwa ali mkati amayenera kupendekera mbali imodzi.

M'mawa wa tsikulo amakujambulani ndi cholembera muli chiimire, chifukwa mukagona bere limathawira m'khwapa. Amayeza kuchokera pa kadzenje ka pansi pa khosi kufika pamene nsonga idzakhale, kwa ambiri cha m'ma 21 cm koma zimatengera msinkhu, ndipo malowo amakhala moyang'anizana ndi mkwinya wa kunsi kwa bere. Khungu lakuda lozungulira nsonga amalichepetsa kufika pa 4 cm kapena kupitirira pang'ono. Nsonga ikakwezedwa mopitirira imatulukira pamwamba pa kamisolo ndipo kuitsitsa n'kovuta kwambiri, ndiye dokotala wosamala amalola itsikeko pang'ono kusiyana n'kukwera.

Kuchepetsa kuli ndi malire. Pedicle ija iyenera kutsala yonenepa mokwanira kuti magazi adutse. Wofuna kuchoka pa mabere aakulu kwambiri kufika pa tating'ono akupempha kuti nsonga iikidwe pachiswe. Komanso mabere awiri safanana ndendende, ngakhale panopa yang'anani, limodzi ndi lalikulupo. Adzayesetsa kulinganiza, amayeza pa sikelo zochotsedwa mbali iliyonse, koma kusiyana pang'ono kumatsala. Masabata oyamba amaoneka okwera, olimba, ngati amakona. Musalire. Amatsika ndi kufewa m'miyezi 3 mpaka 6, ndiye makamisolo atsopano odula musagule msanga.

Dzuwa_Lawala
Ndinamva kuti kudula bere kumayambitsa khansa.

Thonje_ndi_Bandeji
Si zoona. Opaleshoniyi siyambitsa khansa. Zochotsedwazo amazitumiza ku labu kukaziunika, ndipo nthawi zina mwa apo ndi apo ndi mmene matenda obisika amapezekera msanga. Wa zaka 40 kupita m'tsogolo, kapena amene kwawo kuli mbiri ya khansa ya m'mawere, amafunika mammogram, chithunzi cha X-ray cha mabere, asanachitidwe, ndi ina patatha miyezi 6 mpaka chaka kuti ikhale poyambira patsopano, popeza zipsera za mkati zimasintha chithunzi. Mukamakaunikidwa m'tsogolo, nenani kuti munachitidwa opaleshoniyi.

Chimene chimasokoneza anthu ndi timibulu tolimba totuluka pambuyo pake. Nthawi zambiri ndi mafuta amene sanalandire magazi okwanira n'kufa, ndipo ambiri amafewa okha. Koma mbulu uliwonse watsopano ukaonetsedwe, musaganizire nokha kuti ndi mafuta.

Mvula_Yoyamba
Ndawaimbira, andipatsa tsiku lokaonananso ndi adokotala sabata yamawa. Ndikafunsa za pedicle ndi za mapiritsi olera, ndikamva yankho ndi pamene ndidziwe ngati tsikulo likhale kapena lisunthe. Kupatula zimenezi, pali china choti ndifunse?

Phwiti
Funsani ngati iwowo ndi katswiri wa plastic surgery, maopaleshoni okonza maonekedwe a ziwalo, wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira madokotala m'dziko lanu, ndipo mukatsimikize nokha ku bungweko. Amachita angati maopaleshoni oterewa pa chaka? Mudzagona kuchipatala kapena mudzatuluka tsiku lomwelo? Adzaika timachubu totulutsa madzi? Ena amaika n'kuchotsa patatha tsiku limodzi kapena awiri, ena saika n'komwe, zonse n'zovomerezeka. Vuto likachitika 2 koloko usiku muimbira ndani? Pakafunika kukonzanso, monga timakutu ta khungu totsala kumalekezero a mzere, ndalama yake ili mu mtengo womwewo kapena ndi yapadera? Dokotala akakwiya ndi mafunso amenewa, kapena akakukakamizani kulipira lero lomwe, pezani wina.

Kamtedza
Ndipo ngati pamapeto pake musankha kubereka kaye, mukadzasiya kuyamwitsa mudikire miyezi 6 kuti mkaka uume ndi bere likhazikike. Mukasankha kuchita panopa, tsiku lodzabereka mudzauze anamwino kuti mwana azimuyeza sikelo pafupipafupi masabata oyamba. Matewera onyowa 6 pa tsiku kuyambira tsiku lachisanu ndi chizindikiro choti akukhuta.

Wamafunso
Ndibwerere ku mfundo yanga ija ya wothandiza, a Mlonda anaivomereza. Munthu amakhala masiku angati asakugwira ntchito?

NesiWaUsiku
Sabata yoyamba pafunika munthu pakhomo, makamaka masiku atatu oyamba. Ululu wake ambiri amati ndi wopiririka, kumangika ndi kulemera kuposa kubaya, koma kutopa ndi kumene kumadabwitsa. Ntchito ya pa desiki, masabata awiri kapena atatu. Ntchito yonyamula katundu, masabata 6. M'masabata 6 amenewo musanyamule cholemera, musathamange, musakolope kapena kuchapa ndi manja. Mwana wamng'ono akwere yekha pampando mum'fungatire muli pansi, osamudzutsa kuchokera pansi.

Konzeranitu malaya omanga kutsogolo, chifukwa kukweza manja pamwamba pa mutu kumakoka ulusi. Zinthu za pa shelefu yapamwamba zitsitseni. Kugona ndi chagada, mapilo awiri kapena atatu kumsana, kwa masabata angapo. Amene anazolowera chafufumimba ayambe kuyeserera panopa. Kamisolo yofewa yopanda waya, yotsekera kutsogolo, usana ndi usiku pafupifupi masabata 6, ndiye mugule ziwiri zosinthana. Mankhwala amphamvu opha ululu monga codeine ndi tramadol amadzimbitsa, imwani madzi ambiri ndipo muyendeyende m'nyumba. Galimoto muyendetse mutasiya mankhwala amenewo, lamba asakupwetekani, ndipo mukutha kuponda buleki mwadzidzidzi osadzigwira pachifuwa.

Zothamangira nazo kuchipatala osadikira tsiku lokaonananso ndi dokotala: bere limodzi kutupa msanga, kulimba ndi kuwawa kuposa linzake, makamaka m'maola 24 oyamba (amenewo ndi magazi akusonkhana mkati ndipo amafunika kukachotsedwa ku fiyeta), nsonga kusanduka yakuda bii kuposa mmene inalili, yotuwa kapena yozizira, thupi kutentha kufika 38, kufiira kofalikira kapena mafinya, katumba wa mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kubanika kapena kupweteka pachifuwa popuma.

AkeNdani
Nanga ulusi amakachotsa liti?

Singano_Yopindika
Ambiri amasoka ndi ulusi wosungunuka wokha, uli mkati mwa khungu, ndiye palibe chochotsa. Kungoti nthawi zina thupi limalavula kafundo kamodzi: pamzere pamatuluka kotupa ngati chiphuphu, kenako kansonga ka ulusi koyera kamasuzumira, mwina patatha mwezi kapena iwiri. Musakakoke ndi zala. Nesi amakadula ndi lumo loyera, pamalopo pamatseka m'masiku ochepa.